Tupa, Ramu ndi Miyendo ya a Prosper

Ine ndine Fainala, telala wa pakhonde la sitolo ya a Haidari pa Santhe. Makina anga akhala pakhondepo nthawi yaitali moti miyendo yake inadinda timaenje pasimenti. Anthu ambiri adutsa pamenepa, koma sindinaonepo munthu wosakhazikika ngati a Prosper Kalekeni, amene anachita lendi kachipinda ka kumapeto kwa khondelo.

Anali munthu wamtali, woonda, wolankhula mothamanga ngati wina akuwathamangitsa. Tiyi ankamwa chiimire. Mukamacheza nawo, phazi limodzi linkakhala litaloza kale kumsewu, ndipo nkhani ankaimalizira ali tsidya lina, akukuwa.

Makolo awo anali matenanti ochokera ku Chiradzulu. Iwo anabadwira pa esiteti ina cha ku Wimbe, m'kanyumba ka udzu kuseri kwa chigafa chopachikamo fodya. Chaka chilichonse fodya akatha kugulitsidwa, bambo awo ankakangana ndi kapitawo, lole inkabwera, n'kukweza mphasa, mapoto ndi nkhuku, ulendo wa ku esiteti ina. Choncho a Prosper analowa sukulu zambiri, osamaliza ngakhale pa imodzi.

"Ine kwathu ndi pamwamba pa lole," ankatero akafunsidwa.

Atakula anayesa ntchito zosiyanasiyana. Anasoka fodya, anapalasa kabaza, anakhalako kondakitala wa minibasi, anagulitsako kaunjika mpaka ku Chipata. Paliponse sankathapo dzinja. Chimene chinawamangirira pa Santhe ndi ukwati. Anakwatira a Dorika a m'mudzi wina kuseri kwa msika, mayi wodekha, wosalankhulalankhula. Anakhala chikamwini, nabereka mwana wamkazi dzina lake Tawonga. Munda unali wa a Dorika, ndipo makuponi a feteleza wotsika mtengo atayamba kubwera, dzina lolembedwa linali la a Dorika lomwelo. A Prosper ankalima ndithu, koma mzere umodzi usanathe ankakhala atakumbukira kale chinthu china chofunika kumsika.

Tsiku lina esiteti ina itatsekedwa, katundu wa mu ofesi anagulitsidwa. A Prosper anatulukira pakhonde atamangirira kompyuta panjinga ndi mphira, fumbi lili mbuu. Palibe anawaphunzitsa. Anangoisokoneza mpaka inawamvera, ndipo posakhalitsa anayamba kubana nyimbo ndi mafilimu m'mamemore a mafoni a anthu. Ine ndinkati ntchito imeneyinso sifika pa Khirisimasi.

Kenako kunabwera a Lazaro, dalaivala wa lole yonyamula mabelo a fodya kupita kuokushoni. Anabwera ndi fulashi, nati muli gemu yoyendetsa galimoto. Anaiika mu kompyutamo, n'kuwaonetsa a Prosper mabatani ake. Tsiku limenelo ndinaona zachilendo. A Prosper anakhala pampando, tiyi anazizirira pazenera, dzuwa linapendeka iwo ali pompo, thupi likukhotera uku ndi uku pamodzi ndi galimoto ya pasikilini. Atatuluka maso anali kuwala.

"Mayi Fainala, ndafika kutali lero," anatero. "Misewu yake ilibe maenje."

Sipanatenge nthawi, amuna a pamsika anayamba kudzazana m'kachipindamo. Ochokera kosankha fodya, a kabaza, ngakhale aphunzitsi akaweruka, onse ankalipira kangachepe kuti agwireko mabatani. Koma anthu a kuno mtima wawo uli pa mpira. A Lazaro atabweretsa gemu yatsopano ya mpira, kompyuta ija inalephera. Osewera ankayenda ngati akudutsa m'matope a kudambo. Wina akamenya mpira, chithunzi chinkaima, chikamayambanso kuyenda chigoli chitalowa kale. Anthu ankaseka, ena ankatukwana, ena n'kumachoka.

Mphunzitsi wina anawauza kuti vuto ndi ramu, yachepa. Ine ndinkayesa ramu ndi memore yonga ya m'foni, koma a Prosper anandifotokozera kuti ndi kathabwa kobiriwira, kotalika ngati chipeso, pamene kompyuta imayala zinthu zimene ikugwira pa nthawiyo, monga ine ndimayalira nsalu pathebulo ndisanadule. Thebulo likachepa, ntchito imachedwa.

M'mawa mwake anali kale pa minibasi ya ku Kasungu boma. Anabwerako masana ndi ramu yogula kwa venda wina, ndipo anasankha ya nambala yaikulu pa zonse zimene zinali pathebulopo. Anatsegula chibokosi cha kompyuta pakhonde pomwepo, ine ndikuona. Mkati munali chithabwa chachikulu chimene zida zonse zimalumikizidwapo, chimene iwo ankachitchula kuti mazabodi. Pa chithabwacho panali kangalande kolowetsamo ramu. Anayesa kuilowetsa, inakana. Anaitembenuza, inakananso. Ramuyo inali ndi kampata kakang'ono m'mphepete, ndipo m'kangalandemo munali kachitunda koyenera kulowa m'kampatako, koma ziwirizi zinkaphonyana pang'ono chabe.

"Pang'ono pokha apa!" anatero, akuguguda phazi.

Anathamangira kwa wokonza njinga, n'kubwerako ndi tupa.

"Bambo a Tawonga," ndinatero, "malaya akathina sitisema munthu. Bwererani nayo kwa amene wakugulitsaniyo."

"Mpaka mawa? Iyayi, mayi. Opanga zinthuzi amangofuna kutivutitsa."

Anapala kampata kaja ndi tupa mpaka kanakula, anakankha ramu ndi zala zonse ziwiri mpaka inalowa, kenako anayatsa. Panamveka kaphokoso kakang'ono, thwa, kenako fungo la mphira wopserera linadzaza khonde lonse. Sikilini inangokhala bii. Anadina batani kambirimbiri, anazula chingwe, anabwezeretsa, anapemerera mkati ngati akukoleza moto. Kompyuta inali itafa.

Inafa pa nthawi yoipa. Unali mwezi wa Novembala, makuponi anali atagawidwa, ndipo anthu a m'midzi yonse yozungulira anali atadzaza pa Santhe kudikira feteleza kudepoti. Ngolo za ng'ombe zinali ndandanda pansi pa mitengo. Mzere unkayenda tsiku limodzi, n'kuima masiku angapo podikira lole ina. Amuna ambirimbiri ankangoyendayenda opanda chochita, ndipo aliyense wodutsa pakhonde ankasuzumira m'kachipinda kaja.

"Gemu lero ilipo?"

A Prosper ankangoyenda kuchoka kumapeto kwa khonde kufika kumapeto ena, kubwerera, kupitanso, mpaka ndinawapempha kuti asiye chifukwa mthunzi wawo unkandisokoneza pobaya singano.

Mavenda ogula makuponi mobisa anali ponseponse masiku amenewo. A Dorika anandiuza kuti amuna awo anayambitsa nkhani yogulitsa kuponi yawo ali kumunda, mozungulira, ngati akunena za anthu ena.

"Ndinangowauza kuti, kuponi iyi ndi chimanga cha Tawonga. Gulitsani njinga, miyendo muli nayo yokwanira."

Njinga inagulitsidwa tsiku lomwelo. Koma sabata imeneyo kunafikanso a Benjamin, mchimwene wa a Dorika, amene ankagwira ntchito ku Joni. Anabwera ndi jekete yachikopa ndi foni yaikulu ngati mbale. Anakhala pakhonde pathu n'kumasimba za misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndi za bwana wawo amene ankafuna munthu wina wotsuka magalimoto.

"Alamu, mukuvutikiranji ndi chibokosi chakufa?" anatero. "Ya njingayo ndi thiransipoti kale. Tiyeni."

Ndinaona phazi la a Prosper likuvina pansi pa benchi.

Amene analowererapo ndi a Haidari, eni sitolo, munthu wachikulire amene sachedwa kuona zimene zikuchitika pakhonde lake ngakhale ali kuseri kwa kauntala. Anawaitana.

"A Kalekeni, mwana wa mchemwali wanga, Saida, amagulitsa zida za makompyuta ku Lilongwe. Nyamulani chibokosi chonsecho mupite nacho. Musakagule kanthu iye asanachione mkati. Za ku Joni mudzaganiza mukabwerako, Joni sathawa."

A Dorika anali atawombola kale matumba awo a feteleza. Atamva za ulendowo anamanga chitenje n'kunena kuti akupita nawo.

"Ndikawasiya okha akwera basi ya ku Joni ndi chibokosi chomwecho," anandinong'oneza.

Zimene zinachitika ku Lilongwe ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo zinagwirizana. Saida anali mtsikana wovala mpango wakuda, wa manja ang'onoang'ono ofulumira. Anatsegula chibokosi, ananunkhiza, anazula ramu ija n'kuiyang'ana pa kuwala. Ataona pamene panapalidwa ndi tupa anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka.

"Pepani, bambo, sindikuseka inu," anatero. "Kampataka amakaika dala malo osiyana kuti ramu ya mtundu watsopano isalowe pa mazabodi yakale. Mphamvu ya magetsi yomwe zimafuna ndi yosiyana. Apa mazabodi yapsa, ramu yapsa."

"Ndipatseni mazabodi ina basi, ndizipita."

"Sizitero. Onani apa." Anachotsa kafani, n'kuwaonetsa kachitsulo ka ngodya zinayi kamene kanali pansi pake. "Iyi ndi pulosesa, ndi imene imaganiza. Pulosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo ake okhalapo. Yanuyi ndi yakale kwambiri, mazabodi za masiku ano sizingailandire. Ndiye musankha zitatu pamodzi: pulosesa, mazabodi yogwirizana nayo, ndi ramu yogwirizana ndi mazabodiyo. Chimodzi chikasemphana ndi chinzake, mwataya zonse."

Anawafunsa gemu imene anthu amasewera, anawafunsa ngati magetsi amathimathima, anawafunsa za fumbi. Kenako anaika magulu awiri pakauntala. Kumanzere kunali pulosesa yamphamvu yochotsedwa mu kompyuta ya mu ofesi ina, pamodzi ndi mazabodi yake yogwirapo kale ntchito ndi kadi yojambula zithunzi yakale. Kumanja kunali mazabodi yatsopano ya tingalande tinayi ta ramu, pulosesa yaing'ono yokhala ndi mbali yojambula zithunzi mkati mwake momwe, ndi ramu ziwiri zazing'ono zofanana.

"Yothamanga kwambiri ndi iti?" anafunsa a Prosper.

"Lero ndi ya kumanzereyi. Koma mtundu wake unasiya kupangidwa. Pamene yafikapa ndi pomwepo, simudzawonjezera kanthu, ndipo chikafa chimodzi mudzavutika kupeza china. Ya kumanjayi iyamba modekha. Gemu yanu ya mpira iyenda, bola mutsitse kukongola kwa zithunzi. Mukadzapeza mphamvu mudzawonjezera ramu, mudzasintha pulosesa n'kuika yaikulu pa soketi yomweyi."

"Kudzawonjezera liti? Anthu ali pamzere lero, mvula ikagwa abalalika. Nanga bwanji tiramu tiwiri tating'ono m'malo mwa imodzi yaikulu?"

"Ziwiri zofanana zimagwira ntchito limodzi, zimathamanga kuposa imodzi yaikulu. Makamaka ndi pulosesa iyi, chifukwa zithunzi zake zimadalira ramu yomweyo."

A Prosper ananyamula pulosesa ya kumanzere, anaibwezera, ananyamula mazabodi ya kumanja, anaitembenuza, anaibwezeranso. Anafunsa mafunso omwe aja kachiwiri. Kenako anati mutu watentha, akapitidwe mphepo, n'kutuluka.

Anayenda osadziwa kumene akupita, anadutsa pamlatho, analowa mumsika, anatuluka mbali ina, mpaka anapezeka pamalo pamene pamaima mabasi akuluakulu a ku Joni. Anazungulira basi imodzi, anaigwira m'mbali, anafunsa kondakitala kuti ulendo umatenga masiku angati. Iwo eni anandiuza kuti dzanja linali litalowa kale m'thumba.

"Ndisakunamizeni kuti ndinaganiza zanzeru, mayi," anatero. "Kunangochita mdima kumpoto, mphezi inang'anima, madontho anayamba. Ndinangoti, mayo, ikagwa ku Santhe mawa anthu onse ali kumunda, mzere watha, ine ndikadali pano. Ndinathamanga."

Anafika kusitolo ali chinyowere. Anapeza chibokosi chawo chitapukutidwa, mazabodi yatsopano ija itamangidwa kale mkati, ndipo a Dorika atawerama pambali pa Saida, akukankha ramu yachiwiri ndi zala zawo zolimira mpaka timano ta m'mbali tinalira kuti tha.

"Wasankha ndani?" anafunsa.

"Ine," anayankha a Dorika osadzutsa mutu. "Munachedwa."

A Prosper anatsegula pakamwa kuti akangane, koma Saida anawapatsa pulosesa yaing'ono ija m'manja.

"Iyi ikani ndinu, bambo. Ili ndi timano tambirimbiri pansi, topyapyala ngati tsitsi. Onani kachizindikiro pangodyapa, kagwirizane ndi ka pa soketi. Musakankhe ngakhale pang'ono. Ikakhala pamalo ake imatsika yokha."

A Dorika akuti amuna awo anaweramira chibokosicho, thukuta likusakanikirana ndi mvula pachipumi. Anasiya kupuma, anaitsitsa pang'onopang'ono, anaisuntha pang'ono, ndipo inatsika yokha. Saida anapakapo kamafuta kotuwa koziziritsa, anamanga kafani, anayatsa. Sikilini inawala.

Mvula inagwadi ku Santhe, ndipo anthu a pamzere anabalalika kukadzala. Koma madzulo aliwonse amuna ankabwera ndi matope m'mapazi kudzasewera. Zithunzi zinali zotsitsidwa monga ananenera Saida. Udzu wa m'bwalo unali wosalala ngati nsalu ya yunifolomu, nkhope za osewera zinali zofanana zonse, ndipo m'mipando ya oonera munalibe munthu. Koma mpira unkayenda osaima. Matenanti a pa esiteti ya kumadzulo anapanga timu yawo, a kabaza yawonso, ndipo Loweruka phokoso linkafika mpaka kumzikiti moti a Haidari ankatuluka kudzawatontholetsa nthawi ya swala.

A Prosper okha sanakhutire. Sankaseweranso kawirikawiri. Ankaima kumbuyo kwa osewera atapinda manja, n'kumadandaula za mipando yopanda anthu ija. M'mawa uliwonse ankatsegula chibokosi ati akuchotsa fumbi, koma ine ndinkaona kuti akuyang'ana tingalande tiwiri topanda kanthu tija.

"Kompyuta iyi ndi theka, mayi Fainala," ankatero. "Ndikagona ndimaimva kuti ndi theka."

Fodya wa dzinja limenelo atatha kugulitsidwa, a Benjamin anabweranso kutchuthi, ndipo pobwerera sanapite okha. A Prosper anadzanditsanzika ali ndi kachikwama kamodzi, osakhala pansi. Ndinayang'ana a Dorika, amene anaima pakhomo la kachipinda kiyi ali m'manja. Sanalire. Basi itanyamuka analowa, anayatsa kompyuta, n'kufunsa mnyamata wa kabaza amene anali kudikira kuti akufuna nyimbo zanji.

Anthu ankati malowo atsekedwa mwezi usanathe. Sanatsekedwe. A Dorika anaphunzira kubana nyimbo, anaphunzira kuzimitsa kompyuta msanga magetsi akayamba kuphethira, anaphunziranso kutulutsa oledzera popanda kukweza mawu. Atagulitsa mtedza wawo anakwera okha kupita kwa Saida, anabwerako ndi ramu ziwiri zofanana ndi zoyamba zija, n'kuziika okha pakhonde pomwepa, ine nditawagwirira tochi ya foni kuti aone mkati.

A Prosper ankaimba foni apo ndi apo. Mwezi uno akutsuka magalimoto, mwezi wamawa ali kumunda wa mphesa, kenako ali kudoko kunyamula katundu. Nambala inkasintha nthawi zonse. Pomaliza kulankhula ankafunsa za Tawonga, kenako n'kuuza akazi awo kuti awawerengerenso zilembo zolembedwa pa soketi ya mazabodi ija.

Anabwerera mvula ya chaka chotsatira ili pafupi, ataonda kuposa kale, opanda jekete yachikopa kapena foni yaikulu. Asanapite n'kumudzi komwe anafikira pakhonde, anatenga nsapato imodzi yomwe inali m'chikwama, anatulutsamo sokosi, ndipo m'sokosimo munali kabokosi ka pulasitiki. Inali pulosesa yaikulu ya soketi yomwe ija. Anaimbira Saida kaye kuti atsimikize, anasamba m'manja, n'kuiika mosamala a Dorika akuyang'anira. Atakweza zithunzi mpaka pamwamba, bwalo linadzaza ndi oonera okupiza mbendera, udzu unaoneka tsamba lililonse, osewera anali ndi thukuta pankhope. Amuna onse m'kachipindamo anakuwa.

A Prosper anaonera mpaka theka loyamba litatha. Kenako anatuluka, anabwera pamakina panga, pulosesa yaing'ono yakale ija ili m'manja.

"Mayi Fainala, mukudziwa kuti ku Wimbe kulibe malo a gemu ngakhale amodzi? Matenanti onse aja. Ndikangopeza mazabodi ina ndi sola, basi."

Pano ali ku Wimbe. Kiyi wa kachipinda ka pa Santhe amasunga a Dorika, ndipo lendi a Haidari amakambirana ndi iwowo. A Prosper amabwera pakapita masabata angapo, amagona kumudzi tsiku limodzi kapena awiri, n'kubwereranso. Ulendo wathawu anaima pamakina panga n'kundipempha kuti ndiwasokere nsalu yophimbira kompyuta ya ku Wimbe, ati fumbi la kumeneko ndi loopsa. Ndinawafunsa muyeso. Anatambasula manja, uku chotere, uku chotere, ndipo ndisanatenge tepi minibasi inaliza hutala, iwo n'kuthamanga.

Nsaluyo ndinasoka mongoyerekeza, ndinasiya yotakasuka pang'ono. Anadzatenga ndi a Dorika, anaipinda bwino, nati adzawapatsa akadzabwera.